Mbiri ya Nyali Younikira M'mphuno

Ndili mphunzitsi wachinyamata pa sukulu ina ya kumudzi, padali bambo ena, mmisiri wa matabwa, amene ankatikonzera mabenchi ndi zitseko. Adali munthu wodekha ndi wanthabwala, ndipo ana a sukulu ankakonda kuunjikana pa chisakasa chawo kudzatola tizidutswa ta matabwa. Chaka china tidaona kuti bambowo sasiyananso ndi kansalu kopukutira mamina. Tikawafunsa ankangoseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, musadandaule, n'chimfine chabe chimenechi. Kungoti chakondera mphuno ya kumanzere." Dzinja lidatha, masika adadutsa, koma chimfinecho osatha. Kenaka kudayamba kamfuno, tsaya lidatupa, mano adayamba kugwedera. Pamene ankapita kuchipatala chachikulu n'kuti diso litayamba kutuzuka. Madokotala adati nthendayo idali khansa, ndipo idali itafika kale patali. Bambowo sadaione mvula ya chaka chotsatira.

Imfa imeneyi idandisiyira funso limene ndayenda nalo kwa zaka zambiri. Zimatheka bwanji kuti nthenda ikule pakati penipeni pa nkhope ya munthu popanda woiona? Pofunafuna yankho ndidapeza kuti funsoli lidasautsanso madokotala kwa zaka zoposa 200, ndipo mbiri ya kusauka kwawo ndi imene ndikufuna tiione pamodzi.

Tiyambe tadziwa malo ake. Kunjaku mphuno imaoneka yaing'ono, koma m'kati mwake muli ngalande ziwiri zopapatiza, zokhala ndi makwinya, zimene zimakathera kummero. M'mafupa ozungulira ngalandezi muli mphako zokhala ndi mpweya, zimene madokotala amazitcha ma sinus. Mphakozi n'za mitundu inayi: za m'masaya, za pachipumi, za pakati pa maso, ndi za m'kati kwenikweni, pansi pa ubongo. Chotupa chikayamba m'mphako yotere chimakula mwakachetechete, popeza chili ndi malo opanda kanthu oti chidzazemo. Masiku oyamba sichipweteka. Zizindikiro zake ndi zomwe zija tonse tidazizolowera: mphuno kutseka, mamina, mutu. Chimadzadziwika chikaboola fupa n'kukhudza diso, mano kapena ubongo, ndipo pamenepo ntchito yochiza imakhala itakula. Komanso khansa imeneyi siichitikachitika. M'maiko ambiri imagwira munthu mmodzi, mwinanso osakwana, mwa anthu 100,000 pa chaka. Kusowa kwake komweko ndiko kumapusitsa, pakuti wodwala ndi womuona yemwe amathamangira kuganiza za chimfine.

Asing'anga akale a ku Ulaya ankadziwa kuti m'mphuno mumamera zotupa, koma ankaziona zitakula kale. M'chaka cha 1761 John Hill wa mumzinda wa London adalemba kabuku kochenjeza anthu za fodya wa m'mphuno, amene panthawiyo adali wotchuka kwambiri. Iye adafotokoza za anthu okonda fodyayo amene adatuluka zotupa m'mphuno, ndipo zina mwa izo adaziyesa khansa. Kabuku kameneka kamawerengedwa m'gulu la malemba oyambirira kuloza chala fodya pa nkhani ya khansa. Komabe Hill, monga anzake onse, ankaona zokhazo zimene zidafika pakhomo pa mphuno. Ngakhale akadakanula mphuno ndi kachitsulo n'kumuimika wodwala padzuwa, maso ake sakadapitirira gawo lakutsogolo. Kupyola apo kudali mdima.

Munthu woyamba kulimbana ndi mdimawo mwadongosolo adali Philipp Bozzini, dokotala wa mumzinda wa Frankfurt ku Germany. M'chaka cha 1806 iye adalengeza za chipangizo chimene adachipanga: kabokosi kachitsulo kokutidwa ndi chikopa, m'kati mwake muli kandulo ndi kalirole. Kutsogolo kwake ankalumikizako timipope tosiyanasiyana tolowetsa m'ziwalo za thupi, kuti kuwala kwa kandulo kutsike ndi mpopewo ndipo diso la dokotala litsatire. Kuwalako kudali kochepa, ndipo akuluakulu a zachipatala a mumzinda wa Vienna adachinyoza chipangizocho ngati choseweretsa. Bozzini sadakhale ndi moyo wotalika kuti adziteteze. Adamwalira m'chaka cha 1809, asadakwanitse zaka 36, atatenga nthenda ya typhus kwa odwala amene ankawasamalira pa mliri. Koma ganizo lake, lakuti kuwala kungathe kutsogozedwa kulowa m'thupi la munthu wamoyo, silidapite naye kumanda.

Chodabwitsa n'chakuti amene adapititsa ntchitoyi patsogolo sadali dokotala ayi, koma mphunzitsi. Manuel García, wochokera ku Spain, ankaphunzitsa maimbidwe, ndipo ankalakalaka ataona m'mene kholingo limagwirira ntchito munthu akamaimba. M'chaka cha 1854 adatenga kakalirole ka madokotala a mano n'kukalowetsa kukhosi kwake, kalirole wina ali kumanja wolandira kuwala kwa dzuwa, ndipo adadzionera yekha kholingo lake likutseguka ndi kutsekeka. Patapita zaka zochepa Ludwig Türck wa ku Vienna adayesa njira yomweyo pa odwala, koma popeza ankadalira dzuwa, ntchito idaima nyengo yachisanu itafika. Mnzake Johann Czermak adabwereka timakalirole tija n'kugwiritsa ntchito nyali, pamodzi ndi kalirole wolowa m'kati ngati mbale amene ankasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi. Cha m'ma 1859 Czermak adatembenuza kakalirole kaja kuti kayang'ane m'mwamba, motero kwa nthawi yoyamba madokotala adatha kuona mphuno cha kumbuyo, podzera kukamwa. Njirayi idagwira ntchito zaka zoposa 100, ngakhale idali yovuta. Odwala ambiri ankachita mseru kakalirole kakakhudza kukhosi, ndipo dokotala ankangoona kachigawo kochepa kwa kanthawi kochepanso.

Panthawi yomweyo ena ankapitiriza ganizo la Bozzini la mpope ndi nyali. M'chaka cha 1853 Antonin Desormeaux wa ku Paris adaonetsa chipangizo chake chounikira njira ya mkodzo, ndipo ndiye adachipatsa dzina loti endosikopu, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza kuyang'ana m'kati. Nyali yake inkayaka ndi mafuta ndipo inkatentha kwambiri, mwakuti nthawi zina inkapsereza. M'chaka cha 1879 Maximilian Nitze adaonetsa mumzinda wa Vienna chipangizo choonera m'chikhodzodzo chimene chidali ndi mandala m'kati ndi kuwala kunsonga kwake. Poyamba kuwalako kunkachokera ku kawaya kotenthedwa ndi magetsi, kamene kankafunika kuziziritsidwa ndi madzi, koma patsogolo pake adaikamo kababu kakang'ono. Chipangizo cha mtundu umenewu ndicho Alfred Hirschmann wa ku Berlin adachisintha pang'ono m'chaka cha 1901 n'kuunikira nacho m'mphuno ndi m'mphako ya m'tsaya. Ameneyu ndiye amadziwika kuti adayamba kugwiritsa ntchito endosikopu pa mphuno.

Wina angaganize kuti pamenepa vuto lidatha, koma sizidatero. Kwa zaka pafupifupi 60 madokotala a mphuno ambiri sadachilabadire chipangizochi. Chifukwa chake chidali chomveka. Mphuno ndi yopapatiza, choncho mpope wolowamo uyenera kukhala wowonda. Mpope ukawonda, mandala ake amakhala aang'ono zedi, ndipo chithunzi chimaoneka mwachimbuuzi ngati munthu akuyang'ana m'chitsime madzulo. Kababu nako kakawala kwambiri kankatentha minofu. Tsono dokotala ankaona kuti n'kwabwino kungodalira kalirole wake wa pachipumi.

Mfundo imeneyi adaimasula ndi katswiri wa sayansi ya kuwala, Harold Hopkins wa ku England. M'zipangizo zakale munkakhala timandala topyapyala, totalikirana, pakati pake pali mpweya. Hopkins adatembenuza dongosololi: adadzaza mpope ndi tindodo ta galasi totalika, n'kusiya timipata ting'onoting'ono ta mpweya pakati pake. Kusintha kumeneku, kumene adakulembetsa m'chaka cha 1959, kudachititsa kuti kuwala kodutsa mumpope kuchuluke kwambiri ndipo chithunzi chioneke bwino lomwe, ngakhale mpope utawonda. Makampani a kwawo sadachite nacho chidwi. Amene adazindikira phindu lake adali Karl Storz, mmisiri wa zida zachipatala wa m'tauni ya Tuttlingen ku Germany. Iye adali atapeza kale njira yosiya nyali kunja kwa thupi n'kumatumiza kuwala kokha kudzera m'chingwe cha ulusi wa galasi, kotero kuti wodwala asapse. Awiriwa adagwirizana m'chaka cha 1965, ndipo nzeru ziwirizo zitakumana padabadwa endosikopu yowongoka imene ikugwirabe ntchito mpaka lero. Adanenadi akuluakulu kuti mutu umodzi susenza denga.

Ulusi wa galasi womwewo udabalanso chipangizo china, chotha kupindika. M'chaka cha 1954 Hopkins ndi wophunzira wake Narinder Kapany adaonetsa kuti mtolo wa ulusi wotere ungathe kunyamula chithunzi ngakhale utakhota. M'chaka cha 1957 Basil Hirschowitz, dokotala wobadwira ku South Africa amene ankagwira ntchito ku Michigan m'dziko la America, adapanga chipangizo chopindika choonera m'mimba, ndipo adayamba wachimeza yekha asadachiyese pa wodwala. Mu 1968 Masayuki Sawashima ndi Hajime Hirose a ku Tokyo adapanga china chowonda kwambiri, cholowera m'mphuno n'kukafika mpaka pakholingo.

Kukhala ndi nyali n'kwina, kudziwa chimene ukuona n'kwinanso. Ntchito yophunzira m'kati mwa mphuno adaigwira modekha ndi Walter Messerklinger wa mumzinda wa Graz ku Austria. Kwa zaka zambiri ankayang'anitsitsa m'mene mamina amayendera kuchoka m'mphako zija, ndipo adapeza kuti ali ndi njira zake zokhazikika zodzera pa timipata tina ta m'mbali mwa mphuno. Adajambula zithunzi zambirimbiri za mphuno zabwino ndi zodwala, ndipo buku lake la nkhaniyi lidatuluka m'Chingerezi m'chaka cha 1978. Wophunzira wake Heinz Stammberger, pamodzi ndi David Kennedy wa ku America, adafalitsa lusoli m'maiko ambiri m'zaka za m'ma 1980. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa Messerklinger ndiko kudaphunzitsa madokotala kusiyanitsa chachibadwa ndi chachilendo.

Masiku ano kuunika kumeneku sikutenga nthawi. Wodwala amakhala pampando ali maso. Dokotala amapopera m'mphuno mankhwala ochititsa dzanzi ndi ophwetsa minofu, kenaka amalowetsa mpope wonenepa mamilimita 4 kapena ocheperapo, ndipo chithunzi chimaoneka pa kanema chitakuzidwa. Pa mphindi zowerengeka amakhala ataona ngalande yonse mpaka kuseri kwa mphuno. Tisaganize kuti chipangizochi chimaona zonse. M'kati mwenimweni mwa mphako zija sichifikamo mwachisawawa. Chimaona makomo ake, ndi zizindikiro monga magazi, mafinya kapena khoma lotukumuka. N'chifukwa chake chimayendera limodzi ndi makina ojambula m'kati mwa thupi a CT, amene adayamba kugwira ntchito pa odwala ku London mu 1971, ndiponso a MRI. Ndipo ngakhale dokotala ataona chotupa, sanganene kuti ndi khansa mpaka atatapako kanyama kuti akatswiri akakapime. Zotupa zambiri za m'mphuno si khansa.

Nyali itapezeka padatsala funso lina: kodi tiunike yani? Sizingatheke kuunika mphuno ya munthu aliyense pofunafuna nthenda yosowa chotere. Kuti tipeze yankho, tibwerere m'mbuyo pang'ono ku zaka za m'ma 1960, m'tauni ya High Wycombe ku England, imene idatchuka ndi ntchito yopanga mipando. Dokotala wamkazi wa matenda a makutu, mphuno ndi mmero, Esme Hadfield, adaona kuti mtundu wina wa khansa ya m'mphuno, umene kwina kulikonse sunkaonekaoneka, unkabwera mobwerezabwereza m'chipatala chake, ndipo odwala ake ambiri adali amisiri a mipando. Ronald Macbeth wa ku Oxford adalemba za nkhaniyi mu 1965, ndipo mu 1968 kafukufuku wotsogozedwa ndi Donald Acheson adatsimikiza kuti amisiriwo ankadwala khansayi kuwirikiza nthawi mazanamazana poyerekeza ndi anthu ena. Gwero lake lidali fumbi losalala la matabwa olimba, limene amisiri ankalipuma tsiku ndi tsiku. Nthendayo inkaoneka patapita zaka 30 kapena 40 chiyambireni ntchito, nthawi zina munthu atapuma kale. Zotere zidapezekanso pakati pa osoka nsapato opuma fumbi la zikopa, ndi oyenga chitsulo cha nickel ku Wales. M'chaka cha 1995 bungwe la IARC, limene limafufuza za khansa pansi pa World Health Organization, lidaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Mu 2011 madokotala oona za umoyo wa antchito ku France adalangiza kuti amisiri amene adapuma fumbili kwa nthawi yaitali aziunikidwa m'mphuno ndi endosikopu zaka ziwiri zilizonse, kuyambira pamene papita zaka 30 chiyambireni ntchitoyo. Nditawerenga zimenezi ndidakumbukira chisakasa chija, ndi utuchi umene unkayeretsa tsitsi la bambo aja.

Yankho lachiwiri lidachokera kutali, koma muzu wake uli kuno ku Africa. M'chaka cha 1958 Denis Burkitt, dokotala wa pa chipatala cha Mulago ku Uganda, adalemba za chotupa cha m'nsagwada chimene chinkagwira ana. Mu 1961 iye ndi anzake awiri adayenda pa galimoto mtunda wa makilomita pafupifupi 16,000, akuyendera zipatala za m'maiko angapo, kuphatikizapo Nyasaland, pofuna kudziwa madera amene nthendayi inkapezeka. Tinyama ta zotupazo totumizidwa kuchokera ku Uganda ndi timene tidathandiza Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong kupeza kachirombo katsopano mumzinda wa London mu 1964. Kachiromboka, kotchedwa Epstein-Barr, kali m'thupi mwa anthu akuluakulu ochuluka zedi pa dziko lonse popanda kuwavuta. Koma posakhalitsa kudadziwika kuti kamakhudzidwanso ndi khansa ya kuseri kwa mphuno, pamene mphuno imakumanirana ndi mmero. Khansa imeneyi ndi yofala kumwera kwa dziko la China, ndipo malo amene imayambira ndi omwe aja Czermak ankavutika kuwaona ndi kakalirole.

Akatswiri a ku Hong Kong, motsogozedwa ndi Allen Chan ndi Dennis Lo, adagwiritsa ntchito mfundo imeneyi. Adapima magazi a amuna 20,174 a zaka zapakati pa 40 ndi 62, amene sankamva vuto lililonse, pofunafuna zizindikiro za kachiromboka. Amuna 309 adapezeka nazo kawiri konse, ndipo amenewa ndiwo adaitanidwa kuti akaunikidwe ndi endosikopu ndi MRI. Mwa iwo 34 adapezeka ndi khansa. Zotsatirazi zitalengezedwa mu 2017, chimene chidakopa anthu chidali chakuti odwala 71 mwa 100 aliwonse adapezeka nthenda ikadali pachiyambi, pomwe mwa odwala odzibweretsa okha atamva kupweteka, opezeka msanga chotere ankangokhala pafupifupi 20 mwa 100. Nthenda idali yomweyo, chipangizo chomwecho. Chidasintha ndi nthawi imene nyali idalowera m'mphuno.

Apa ndi pamene pagona phunziro la mbiri yonseyi. Kuchokera pa kandulo ya Bozzini kufika pa galasi la Hopkins padapita zaka zoposa 150, ndipo vuto la mdima lidatha. Koma chipangizo sichiyenda kukasaka wodwala kumudzi. Chimadikira munthu wozindikira, monga adachitira Hadfield, kuti apa pali chachilendo. Kwathu kuno zipangizo zotere ndi akatswiri ake n'zochepa, ndipo zimapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre, kumene kuli gawo loona za makutu, mphuno ndi mmero. Kuti wodwala akafike kumeneko nthawi ikadalipo, pamafunika kuti wina pakhomo kapena pa chipatala chaching'ono akayikire msanga.

Tsono zoyenera kukayikira ndi ziti? Chimfine chenicheni chimatseka mphuno zonse ziwiri kapena kusinthanasinthana, ndipo chimatha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Koma mphuno imodzi yokha ikatseka kwa masabata angapo osasintha, mamina a mbali imodzi akamatuluka ndi magazi, tsaya kapena mlomo wam'mwamba ukachita dzanzi, mano am'mwamba akamagwedera popanda chifukwa, diso limodzi likamangotuluka misozi kapena kuona zinthu ziwiriziwiri, khutu limodzi la munthu wamkulu likagontha, kapena m'khosi mukatuluka mwanabere wosapweteka koma wosaphwa, pamenepo munthu asakhale pansi. Nthawi zambiri chidzapezeke ndi china chosaopsa, koma wonena zimenezo akhale amene waunika ndi kuona. Ndipo amene atabwerera kuchipatala kawiri katatu sakuona kusintha, asachite manyazi kupempha mwaulemu kalata yopitira ku chipatala chachikulu. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Ambiri mwa inu muli ndi bambo, malume kapena achimwene amene amapala matabwa kapena kucheka mitengo. Ntchito imeneyi ndi yolemekezeka, ndipo ambiri a ife tidaphunzira titakhalira mabenchi otuluka m'manja mwawo. Auzeni kuti azigwirira ntchito pamalo opita mphepo, azivala zotchinga mphuno ndi pakamwa zoyenera, ndipo asamalole fumbi kuunjikana m'nyumba yogwiriramo ntchito. Ndipo tsiku lina mmodzi wa iwo akadzakuuzani moseka kuti chimfine chake chakondera mphuno imodzi, musadzaseke naye monga tidachitira ife. Mudzamufunse kuti chidayamba liti, ndipo mudzamuperekeze kuchipatala.